Pulogalamu yosonkhanitsa nkhani ikatsekedwa, wowerenga wa ku Kauma alowere kuti?

Kauma ndi amodzi mwa malo a mumzinda wa Lilongwe kumene anthu amalawirira ku ntchito kunja kusanayere. Ali pafupi ndi Area 12, ndipo sali kutali ndi Capital Hill, kumene kuli maofesi a boma chisamukire likulu la dziko lino kuchokera ku Zomba m'chaka cha 1975. Ambiri mwa anthu a kumeneku ndi alonda, antchito a m'nyumba, amisiri, aphunzitsi ndi ochita geni. Kwa anthu otere nkhani ndi chida cha moyo wa tsiku ndi tsiku, pakuti ndi mmene amadziwira mtengo wa chimanga ndi wa mafuta, tsiku lotuluka zotsatira za mayeso a MANEB, ndondomeko ya kuzima kwa magetsi, ndiponso malo amene akufuna antchito.

Kufunika kwake kudaoneka poyera kumayambiriro kwa chaka cha 2023, pamene matenda a kolera adafika poopsa. Pa 2 Januwale boma lidalengeza kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zisatsegulidwe kaye, kutangotsala tsiku limodzi kuti ana abwerere m'kalasi, ndipo sukuluzo zidadzatsegulidwa pa 17 Januwale. Kholo limene lidamva uthengawo msanga, kuchokera ku malo odalirika, lidadziwa chochita ndi ana ake. Limene lidangodalira za m'maluwa lidavutika kusiyanitsa choona ndi chabodza. Choncho funso la njira imene nkhani zimafikira munthu ndi lalikulu ndithu, ngakhale likuoneka ngati la akatswiri a makina okha.

Kale kusowa, lero kuchuluka

Akuluakulu amene adakula m'nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira kuti nkhani zidali ndi makomo owerengeka. Padali wailesi ya MBC, imene idayamba m'chaka cha 1964. Padali nyuzipepala za Daily Times ndi Malawi News, kanyuzi ka boma ka Boma Lathu, ndi zofalitsa za mipingo monga Moni ndi Odini. Munthu mmodzi akagula nyuzi, inkayenda m'manja mwa anthu ambiri mpaka kuthera ku msika monga chokulungira usipa.

Zinthu zidatembenuka m'nyengo ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Nyuzipepala ya The Nation idayamba chaka chomwecho, wailesi ya kanema ya boma idadza mu 1999, wailesi ya Zodiak mu 2005, ndipo Nyasa Times idayamba kufalitsa nkhani pa intaneti mu 2006. Pambuyo pake padabwera Malawi24, Maravi Post ndi masamba ena ambiri, ndipo nyumba zakale zosindikiza nyuzi nazo zidatsegula masamba awo. Vuto la lero ndi la kuchuluka. Munthu wofuna kudziwa zimene zachitika ayenera kutsegula masamba asanu kapena khumi, lililonse ndi zithunzi zake ndi malonda ake, ndipo bandulo imatha iye asanafike pa nkhani imene amaifuna.

Mthenga wotchedwa RSS

Njira yothetsera vuto limeneli idapezeka kalekale. M'chaka cha 1999 kampani ya Netscape ya ku America idayambitsa dongosolo lotchedwa RSS, ndipo akatswiri ena, monga Dave Winer ndi Aaron Swartz, amene panthawiyo adali mnyamata wa zaka 14, adathandiza kulikonza. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Tsamba lofalitsa nkhani limasunga mndandanda waung'ono wa zimene langotulutsa kumene: mutu wa nkhani, tsiku lake, chidule chake kapena nkhani yonse, ndi keyala yake ya pa intaneti. Nkhani yatsopano ikatuluka, mndandandawo umasintha wokha.

Tsono pali mapulogalamu amene ntchito yake ndi kuzungulira m'masamba amene munthu wasankha, kutenga mindandanda ija ndi kuiyala pamalo amodzi. Pulogalamu yotere ili ngati mesenjala amene amauzidwa kuti m'mawa uliwonse apite ku nyumba zakutizakuti zosindikiza nkhani, akatenge zatsopano zokha, nabwere nazo zitasanjidwa monga mwa nthawi imene zidatuluka. Saonjezerapo za m'mutu mwake, ndipo sabisa zina chifukwa choganiza kuti bwana wake sazikonda. Masamba ambiri a nkhani amamangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, imene imapanga mndandanda wa RSS yokha, kotero kuti kawirikawiri munthu akangolemba keyala ya tsambalo m'pulogalamu yosonkhanitsa nkhani, iyo imaupeza mndandandawo popanda vuto.

Imfa ya Google Reader

Mwa mapulogalamu onse a mtundu umenewu, yotchuka kwambiri idali Google Reader, imene kampani ya Google idakhazikitsa m'chaka cha 2005. Idali yaulere, ndipo mphamvu yake idali yakuti mndandanda wa masamba a munthu sunkasungidwa m'kompyuta yake koma ku makina a kampaniyo. Munthu akawerenga nkhani pa kompyuta ya ku ofesi masana, madzulo pa foni ankaipeza italembedwa kale kuti yawerengedwa, ndipo ankapitiriza pamene adalekezera. Atolankhani, aphunzitsi a m'makoleji ndi ofufuza m'mayiko ambiri adaizolowera kotero kuti mapulogalamu ena opikisana nayo adafooka.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Pa 13 Malichi 2013 Google idalengeza kuti idzatseka pulogalamuyi pa 1 Julayi chaka chomwecho, ponena kuti oigwiritsa ntchito adali kuchepa. Anthu oposa 100,000 adasayina zikalata zodandaula, koma kampaniyo siidabwerere m'mbuyo. Chimene idachita ndi kulola aliyense kutulutsa mndandanda wa masamba ake tsikulo lisanafike. Pamenepo padayamba chipwirikiti chofunafuna pulogalamu ina yolowa m'malo, imene ingagwire ntchito pa foni ndi pa kompyuta pomwe. Kampani ya Feedly idati anthu 500,000 adalembetsa kwa iyo m'maola 48 okha chilengezocho chitatuluka, ndipo patapita masabata awiri chiwerengerocho chidafika 3 miliyoni.

Ena adathawira ku NewsBlur, ena ku The Old Reader, ena ku Inoreader, imene idayambira m'dziko la Bulgaria m'chaka chomwecho cha 2013. Makampani a Digg ndi AOL nawo adatsegula mapulogalamu awo mofulumira kuti akolole anthu osowa kolowerawo. Amene adasankha awiri omalizawa adasamukanso kachiwiri, pakuti AOL Reader idatsekedwa mu Januwale 2018 ndipo Digg Reader idatsatira mu Malichi chaka chomwecho. Mu Disembala 2018 bungwe la Mozilla lidachotsa mbali yowerengera RSS m'pulogalamu yake ya Firefox, ndipo mu Julayi 2025 lidatseka Pocket, imene anthu ankasungiramo nkhani zoti adzawerenge pambuyo pake. Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti palibe pulogalamu imene ingalonjezedwe kuti idzakhalapo mpaka kalekale, kaya mwini wake ndi wolemera chotani.

Khomo limene Amalawi ambiri adalowera

Kuno kwathu anthu ambiri sadadutse njira ya Google Reader, chifukwa pamene inkatsekedwa mafoni otha kutsegula intaneti adali asanafalikire m'malo ngati Kauma, Mgona kapena Chinsapo. Ambiri adayamba kudziwa intaneti kudzera pa Facebook ndi WhatsApp. Mu Meyi 2015 kampani ya Facebook, mogwirizana ndi TNM ndi Airtel, idabweretsa m'dziko muno dongosolo lotsegula masamba owerengeka popanda kulipira. M'chaka chomwecho boma lidaika msonkho wa 10 peresenti pa intaneti ndi pa mauthenga a pafoni. Mabandulo otsika mtengo ogwira ntchito pa WhatsApp kapena Facebook pokha adazoloweretsa anthu kuti nkhani zonse azizipeza kumeneko.

Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, koma ili ndi zilema ziwiri. Choyamba n'chakuti wosankha nkhani zooneka pa foni si mwini foniyo. Makina a kampani ndiwo amayeza zimene zingamukhalitse munthu nthawi yaitali akuyang'ana, nazikankhira pamwamba. Mu Januwale 2018 Facebook idalengeza kuti ichepetsa nkhani zochokera ku nyumba zofalitsa nkhani ndi kuchulukitsa zolemba za abale ndi abwenzi, ndipo palibe wowerenga amene adafunsidwa maganizo. Motero munthu akhoza kutsatira tsamba la nyuzipepala koma osaona chidziwitso chofunika chimene yatulutsa, m'malo mwake n'kuona mkangano wa oimba.

Chachiwiri n'chakuti khomo limodzi likatsekeka, zonse zimatsekeka. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zidatsekedwa m'dzikomo. Mu Febuluwale chaka chomwecho Facebook idachotsa nkhani zonse za nyuzipepala kwa anthu a ku Australia kwa masiku angapo chifukwa cha mkangano ndi boma la kumeneko, ndipo mu Ogasiti 2023 idachitanso chimodzimodzi ku Canada. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi 6 chifukwa cha vuto la makina. Munthu amene amadziwa keyala za masamba a nkhani, kapena amene adazisunga m'pulogalamu yosonkhanitsa nkhani, amakhala ndi polowera pena zoterezi zikachitika.

Zoyenera kuyang'ana posankha

Wowerenga wa ku Kauma amene akufuna pulogalamu yosonkhanitsa nkhani, kaya koyamba kaya polowa m'malo mwa ina imene yamukhumudwitsa, ali ndi zosowa zosiyana ndi za mnzake wa ku London. Zipangizo zake sizikhala zake zonse. Foni ikhoza kukhala yogwiritsa ntchito banja lonse, kompyuta ndi ya ku ntchito, ya ku koleji kapena ya pamalo olipira. Foniyo ikhoza kubedwa mu minibasi kapena pa depoti, kugwera m'madzi, kapena kugulitsidwa pamene ndalama za lendi zavuta. Chifukwa chake chinthu choyamba kuyang'ana ndicho ngati pulogalamuyo imasunga mndandanda wa munthu pa akaunti, kotero kuti akalowa ndi imelo ndi mawu ake achinsinsi pa chipangizo china chilichonse, apeze zonse zili m'malo mwake. Feedly, Inoreader ndi NewsBlur zimachita zimenezi. Zili ndi mapulogalamu a mafoni a Android, amene ndiwo ochuluka kuno, ndiponso a iPhone, komanso zimatseguka pa kompyuta popanda kuikamo kanthu. Pali ina yabwino yotchedwa NetNewsWire, koma imagwira ntchito pa zipangizo za Apple zokha, choncho siingathandize mwini foni ya Itel kapena Tecno.

Chachiwiri ndi mtengo. Mapulogalamu atatu aja ali ndi gawo laulere ndi gawo lolipira, ndipo lolipiralo limafuna ndalama zakunja ndi khadi la ku banki. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti chilichonse cholipira m'madola chidakwera mtengo ngakhale mwini wake sadakweze. Mwamwayi gawo laulere ndi lokwanira. Feedly, mwachitsanzo, yakhala ikulola masamba mpaka 100 popanda malipiro, pamene munthu wofuna nkhani za dziko lino, za mpira, za ntchito ndi zina zakunja sangapitirire masamba 20 kapena 30. Amene walembetsa masamba ochuluka koposa amadzipezera ntchito ina, chifukwa m'mawa uliwonse amakumana ndi mulu wa mitu imene sangaimalize.

Chachitatu ndi kadyedwe ka bandulo. Mawu olembedwa ndi opepuka kwambiri poyerekeza ndi zithunzi ndi makanema. Pulogalamu yoyenera ndi imene imalola kuona mitu yokha m'mizere, popanda zithunzi, kuti munthu atsegule nkhani yokhayo imene akuifuna. Ndi bwino kufufuzanso m'makonzedwe ake ngati ingaletsedwe kumangotenga nkhani yokha mwini wake asanailamule, pakuti pulogalamu yosiyidwa kuti izizungulira usana ndi usiku imamaliza bandulo ndi batire mwakachetechete.

Chachinayi ndi kuwerenga popanda netiweki. Anthu a mu Lilongwe sadaiwale mdima umene udatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pamene malo opangira magetsi a Kapichira adaonongeka ndipo dziko lidataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Pulogalamu imene imasunga nkhani m'foni imalola mlonda kapena wantchito wa m'nyumba kukopera nkhani zake pamene wapeza Wi-Fi kapena bandulo yotsika mtengo ya usiku, n'kumawerenga pambuyo pake. Pa mafoni a Android pali mapulogalamu ang'onoang'ono aulere, monga Feeder, amene adapangidwira kuwerenga kotere ndipo safuna kulembetsa akaunti.

Kafayilo kamene kali chuma chenicheni

Pamfundo zonsezi pali imodzi yoposa zinzake, ndipo ndi imene anthu a mu 2013 adaiphunzira movutikira. Pulogalamu yosunga mndandanda pa makina a kampani imathandiza foni ikatayika, koma kampaniyo ikatseka, mndandandawo umapita nayo. Pulogalamu yosunga zonse m'foni siidalira kampani, koma foni ikabedwa zonse zapita. Njira yopewera ngozi ziwirizi ndi kafayilo kotchedwa OPML, kamene Dave Winer yemwe uja adayambitsa m'chaka cha 2000. M'kafayiloka mumalembedwa mayina ndi keyala za masamba onse amene munthu amatsatira, pamodzi ndi magulu amene adawaikamo. N'kopepuka kuposa chithunzi chimodzi, ndipo pafupifupi mapulogalamu onse osonkhanitsa nkhani amadziwa kukatulutsa ndi kukalandira.

Amene adachoka ku Google Reader atanyamula kafayilo kameneka adakhazikika m'pulogalamu yatsopano m'mphindi zowerengeka. Amene adazengereza mpaka khomo litatsekedwa adayamba kukumbukira masamba awo limodzilimodzi, ndipo ena sadawapezenso. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mndandanda umene uli pa makina a kampani ya kutsidya kwa nyanja uli pachala. Umakhala wa mwini wake pokhapokha atautulutsa, nadzitumizira yekha pa imelo kapena kuusunga pa memori khadi, ndi kubwerezanso zimenezi nthawi iliyonse imene waonjezera masamba atsopano. Pulogalamu imene siilola kutulutsa OPML, ngakhale ikongole chotani, ndi yosayenera kuikhulupirira. Ngakhale kulemba keyala za masambawo m'kope, monga momwe anthu ankalembera manambala a foni, kuli ndi phindu lake.

Palinso chenjezo kwa ogwiritsa ntchito kompyuta za eni. Munthu akamaliza kuwerenga pa kompyuta ya ku ntchito kapena ya pamalo olipira, ayenera kutuluka mu akaunti yake ndi kukana pamene makinawo amufunsa ngati asunge mawu achinsinsi. Ambiri amalembetsa m'mapulogalamuwa ndi akaunti ya Google, imene ilinso khomo la imelo ndi zithunzi zawo, kotero kuti kuisiya yotsegula kuli ngati kusiya makiyi a nyumba pa khomo.

Zimene pulogalamuyi singathe

Si bwino kuiyamikira njirayi mopitirira muyezo. Mabungwe ena ndi maofesi ena amaika zidziwitso zawo pa Facebook pokha, kawirikawiri monga chithunzi cha kalata, ndipo pulogalamu ya RSS singazipeze kumeneko mwa njira wamba. Masamba ena amapereka mutu ndi ziganizo ziwiri zokha, kotero kuti wofuna nkhani yonse ayenera kutsegulabe tsambalo. Nkhani zambiri za pa intaneti zili m'Chingerezi, ndipo za m'Chichewa ndi zochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa olankhula chinenerochi. Komanso anthu ambiri ku Kauma, monga ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25, akadali ndi mafoni a mabatani, amene chothandiza chake chachikulu pa nkhani ndi wailesi ya FM. Wailesi ikadali njira yofikira anthu ambiri m'Malawi, ndipo palibe pulogalamu imene ikuilanda malo.

Koma m'mabanja ambiri, m'mipingo ndi m'magulu a banki m'khonde mumakhala munthu mmodzi kapena awiri amene anzawo amawafunsa ngati zimene zamveka n'zoona. Akhoza kukhala mphunzitsi, wophunzira wa ku koleji, mlembi wa mpingo kapena mnyamata wogulitsa mayunitsi. Munthu ameneyu ndiye woyenera kukhala ndi mndandanda wa masamba odalirika, wosanjidwa bwino, wotseguka pa foni ndi pa kompyuta. Uthenga wodabwitsa ukafika pa gulu la WhatsApp, iye akhoza kuona m'kanthawi kochepa ngati The Nation, Times, Zodiak kapena MBC alembapo kanthu, ndi kuyerekeza zimene aliyense wanena. Pulogalamuyi siiweruza choona ndi chabodza, koma imaika mboni zingapo pamalo amodzi, ndipo nkhani yaikulu imene palibe nyumba yodziwika ngakhale imodzi yailemba ndi yofunika kuikayikira.

Choncho wofuna kuyamba ayenera kulemba kaye masamba khumi amene amawakhulupirira, asanaganize za dzina la pulogalamu. Kenaka ayese mapulogalamu awiri kwa sabata imodzi, aone imene ikutseguka msanga pa foni yake ndi imene ikudya bandulo pang'ono, pakuti safunsa adadya phula. Akasankha, atulutse kafayilo ka OPML tsiku lomwelo ndi kukasunga pamalo awiri. Tsiku limene kampaniyo idzalengeze kuti ikutseka, monga idachitira Google mu 2013 ndi Digg mu 2018, iye adzangotsegula pulogalamu ina, n'kuikamo kafayilo kake, n'kupitiriza kuwerenga.